Buku la ndalama za gulu lathu la atsikana pa koleji landizunguza mutu

Wa_ku_Kapata:
Anzanga thandizeni. Andisankha kukhala msungichuma wa gulu lathu la atsikana pa koleji kuno ku Chipata, lija timasonkha kuti tizithandizana pa maliro, wina akadwala, komanso ka pate ka omaliza. Andisiyira buku lakale lothimbirira, masamba ena ananyowa ndi mafuta, ndatsegula pa 2011 alemba kuti munali K4,200,000 koma lero mu foni ya gulu muli K1,150 chabe. Zinalowera kuti zonsezi? Ndiyambe kufunsa asisi akale?

AmakeTwins:
Iwe mwana khala pansi usanaloze munthu chala kkkk. Pa 1 January 2013 Bank of Zambia inachotsa maziro atatu pa kwacha, K1,000 inasanduka K1, ndiye mamiliyoni akowo ndi K4,200 basi. Nthawi ija tonse tinali mamiliyoneya, ngakhale amayi a vitumbuwa pa Saturday Market.

Tichala_Katete:
Zoona amake, koma thumba latsikabe. Funsa kuti chosonkha munakweza liti. Gulu lathu tinakakamira pa K20 pa temu zaka ndi zaka poopa kuti ma fesiti yiya athawa, pomwe dola mu 2013 inali cha m'ma K5 ndipo mu 2024 inapitirira K25, shuga wakwera, thiransipoti yopita ku maliro ku Lundazi yakwera, ife phee pa K20 pomwepo. Kenaka korona inatseka masukulu mu March 2020, palibe anasonkha koma maliro sanaime.

Wa_ku_Kapata:
Ayi ndachita manyazi, ndinatsala pang'ono kulemba pa gulu la WhatsApp. Chosonkha sichinasinthe chiyambire 2014. Komanso kumapeto kwa buku ndapeza tsamba la ngongole, mayina mbwee, ambiri anamaliza kalekale.

Sisi_wa_ku_Texas:
Tsamba limenelo ndiye dzenje lanu. Kuno ku America magulu a atsikana a pa yunivesite, ma sorority, amalipira semesita iliyonse, gawo lina limapita ku likulu lawo ndipo wosalipira amamuimitsa kaye, sanyengererana. Inu musabwereketse munthu wa temu yomaliza, akangovala gauni foni sayankhanso. Osayina potulutsa ndalama akhale awiri. Asisi akalewo ambiri ali pa peyirolo manje, aimbireni mwaulemu, ineyo dzina langa mwina lilimo pa tsambalo, ona cha m'ma 2016 undiuze ndi zingati.