Tigule kapena tisagule makina a mzere ndi kaundula pa kiliniki yathu?

Wapampando: Mwaswera bwanji nonse. Anyamata a kampani aja anabwera Lachiwiri ndipo asiya mtengo wawo. Akugulitsa zinthu ziwiri pamodzi: makina otulutsa kapepala ka nambala pakhomo ndi TV yoitanira odwala, komanso pulogalamu yosunga mbiri ya wodwala kuyambira polembetsa, kwa adokotala, ku labu mpaka ku famase. Tikagula tizilipiranso mwezi ndi mwezi. Ndalama yake ndi ija tinasungira denga la wodi ya amayi, ndiye tilankhule mosabisa mawu komiti isanakumane Loweruka.

Mlembi: Zikomo bambo. Ine ndikuti tigule. Lowani m'kachipinda ka kuseri muone makaundula mmene aunjikanira, ena chiswe chadya m'mphepete. Mwezi ukatha ndimakhala masiku atatu ndikuwerenga mzere ndi mzere kuti lipoti lipite kwa a DHO, oyang'anira zaumoyo m'boma lathu, ndipo manambala anga ndi a ku famase sagwirizana. Koma chimene chimandipweteka mtima ndi mabuku a odwala. Namondwe Freddy atadutsa mu Malichi 2023 anabwera agogo ena a BP, buku lawo ali nalo mu jumbo ya shuga, litanyowa mpaka masamba kumatana ngati phala. Dzina la mankhwala sakulidziwa, akungoti "timbewu toyera tating'ono". Tinayamba nawo ngati wodwala watsopano, munthu woti wakhala akubwera kuno zaka zambiri.

Namwino wamkulu: Za mbiri ya odwala ndikugwirizana nanu achimwene. Koma makina a nambalawo ayi, ndikukana. Mzere wathu sutalika chifukwa anthu sadziwa amene anayamba kufika. Amadziwana bwino, amasiya miyala ndi mabuku pa benchi kusanache. Umatalika chifukwa woona odwala ndi mmodzi. Ndipo nambala siona kuti mwana amene ali kumbuyo kwa mayi wa nambala 40 akubanika, kapena wayamba kukomoka. Tinaphunzitsidwa ETAT, njira imene inakulira pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre konkuno, kuti munthu aziyenda pa mzere n'kumayang'ana ana, wodwalitsitsa alowe pompo. Mukapatsa munthu kapepala ka nambala 5, ine n'kulowetsa wa nambala 40, mkangano wake auletse ndani?

Wapampando: Anati pali batani lodumphitsa wodwala mwakayakaya.

Namwino wamkulu: Batanilo adina ndi ine ndemwe bambo, nditamuona mwanayo ndi maso anga. Ndiye makinawo andithandiza chiyani? Ndalama ya TV imeneyo bola tikonzere mabenchi ndi mthunzi panja.

Adokotala: Ndiyankhuleko monga munthu amene anagwiritsapo ntchito zinthuzi. Si zachilendo kuno kwathu. A Baobab Health anayamba kuika makompyuta odina ndi chala pa chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, kenako anafalikira m'makiliniki a ma ARV. Ine ndinagwira nawo ntchito ndili ku Lilongwe. Wodwala akabwera, pabuku pake pali sitika ya bakhodi, ukangoiwalitsa zonse zatuluka: anayamba liti mankhwala, sikelo yake ikukwera kapena ikutsika, anayenera kubwera tsiku liti. Amene wasiya kubwera timamudziwa msanga n'kumulondola. Buku silinatayidwe ayi, makina amasindikiza kasitika kena n'kumata momwemo, kuti akapita chipatala china akaone zimene tachita. Chimene ndikuchenjezeni n'chakuti masabata oyamba mzere umatalika kuposa kale, chifukwa zala sizinazolowere. Ndipo ngati tizilemba mu kompyuta komanso mu kaundula, ntchito yawirikiza. Funso langa kwa anyamatawo ndi lakuti pulogalamu yawo imatulutsa lipoti lofanana ndi mafomu a Unduna wa Zaumoyo, loti lilowe mu DHIS2, pulogalamu imene Undunawo umasonkhanitsiramo malipoti a zipatala, osalembanso pamanja?

Mlembi: Limenelo sanayankhe bwino adokotala. Anangoti angathe kukonza.

Msungichuma: Pepani ndachedwa, ndinali kumaliro. Ndawerenga pepala lawo kawiri. Ndalama ya pamwezi aimangirira ku dola. Mukukumbuka Novembala 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi? Mankhwala onse anakwera, ife sitinathe kukweza mtengo woonana ndi dokotala chifukwa anthu athu ndi alimi a nandolo ndi chimanga. Tikasaina zimenezi, mwezi umene tidzalephere kulipira adzatitsekera, mbiri ya odwala athu ili m'manja mwawo. Kaundula wa pepala ngakhale adyedwe ndi chiswe ndi wathu. Ine mtima wanga uli pa denga.

Wa ku famase: Amayi, ndikumva nkhawa yanu, koma taganizaninso ndalama imene tikutaya panopa. Mwezi wathawu ndinapeza mabokosi a mankhwala atatha mphamvu kuseri kwa shelefu, pomwe LA anatithera pakati pa sabata malungo ali pachimake. Chikhala kuti chilichonse chotuluka pawindo chikuchotsedwa chokha pa stock card, khadi losonyeza mankhwala amene atsala, ndikanaona kuti LA watsala wa masiku ochepa n'kuitanitsa nthawi ilipo. Malisiti nawonso akanamagwirizana ndi ndalama ya m'bokosi, ndi imene timalandira pa Airtel Money ndi Mpamba.

Mayi oimira mudzi: Ana anga, ine za makompyuta sindizidziwa, koma ndikuuzeni zimene anthu akunena kuchitsime, pakuti mphekesera yafika kale. Akuopa kuti dzina lawo lizioneka pa TV ndi chipinda chimene akulowa. Kuno tonse timadziwana, ndipo aliyense amadziwa chipinda chotengera ma ARV. Mzimayi amene sanauze apongozi ake adzasiya kubwera, adzapita kutali kapena kungokhala pakhomo. Komanso agogo ambiri sawerenga, nambala ikadutsa adzakhala pa benchi mpaka dzuwa kupendeka. Nanga mwana wa kwathu konkuno amene mwamulemba ntchito, sangatsegule n'kuona matenda a mnansi wake?

Adokotala: Funso lenileni limenelo mayi. Aliyense amayenera kukhala ndi pasiwedi yake, mlembi aone dzina ndi mudzi basi, zotsatira za magazi aone wopima ndi ine. Pulogalamu yabwino imasunganso dzina la aliyense amene watsegula mbiri ya munthu. Ndipo pano kuli lamulo la Data Protection Act la 2024, nkhani za umoyo wa munthu si zoseweretsa, tikazitayirira mlandu ndi wathu. Zimenezi zilembedwe mu mgwirizano, pamodzi ndi mfundo yoti tsiku lililonse tingathe kukopera mbiri yonse n'kusunga tokha.

Wa zamagetsi: Ine langa ndi limodzi. Ndinawafunsa kuti netiweki ikachoka zimatani, anati zonse zimasungidwa pa intaneti. Ndiye kuti bandulo ikatha kapena mlongoti ukazima, mzere waima. Kumbukirani 2022, namondwe Ana atawononga Kapichira, mmene magetsi ankathimira. Sola imene tili nayo ndi ya firiji ya katemera, sindilola kuti tilumikizeko china chilichonse. Pafunika seva yaing'ono pompano, kompyuta yosungira mbiri yonse, mabatire ake ndi inveta, ndipo zimenezo pa mtengo wawo palibe.

Wapampando: Ndiye ndiwauze kuti TV ndi makina a nambala achotse, atipatse mtengo wa pulogalamu yokha m'makwacha?

Namwino wamkulu: Eya bambo. Ndipo asadzabwerenso Lachiwiri masana kuli zii. Abwere Lolemba m'mawa tsiku la sikelo, akhale pambali pa mlembi, a zamagetsi athimitse magetsi ndi intaneti kwa ola limodzi, tione ngati odwala aziyendabe.

Mlembi: Ndavomera. Ndiwakonzera mayina khumi ofanana, a Phiri ndi a Banda okhaokha a mudzi umodzi, ena opanda chiphaso cha unzika, tione ngati sawasokoneza.

Msungichuma: Yesani, sindikuletsa. Koma Loweruka tisanakhale pansi, ndikupempha komiti yonse tikalowe kaye mu wodi ya amayi. Bedi la pakona tinalisuntha kale chifukwa cha kudontha, beseni likadali pomwepo, ndipo mvula yatsala miyezi iwiri.