Pempho la malangizo pa nkhani ya sewero la Glee

Akuluakulu anzanga amene mumalemba pa Wikipedia ya Chichewa, ine ndi anzanga angapo kuno ku Blantyre tikukonza nkhani yofotokoza Glee, sewero la pa kanema la nthabwala ndi nyimbo limene linkaonetsedwa pa Fox ku America kuyambira mu 2009 mpaka mu 2015. Talemba kale kuti analiyambitsa ndi Ryan Murphy, Brad Falchuk ndi Ian Brennan, ndiponso kuti limakamba za gulu la oimba la pa sukulu ya sekondale ku Lima, m'chigawo cha Ohio.

Pamene tasiyana maganizo ndi pa nyimbo. Popeza zambiri mwa nyimbozo zinali za oimba ena, mnzanga wina akufuna kuti titchule nyimbo zonse za m'magawo onse 121 pamodzi ndi eni ake, koma ine ndikuona kuti nkhaniyo idzangotalika popanda phindu kwa owerenga. Kodi tizindandalike m'nkhani yomweyi, kapena tizipatulire nkhani yakeyake? Nanga n'kololeka kulembamo mawu a nyimbo, ngakhale mizere iwiri yokha, poganizira malamulo oteteza eni nyimbo? Amene munakumanapo ndi zoterezi, chonde tiunikireni tisanayambe kufufutirana zolemba.