Pokrovskoye wake uti abale?

Mlongo wa ku Tula: Abale thandizeni, bwana wanditumizira meseji kuti mawa ndikayambe ntchito kumagirinihausi ku Pokrovskoye kuno ku Russia, nde ndalemba pa Yandex, Google wa kuno, angotuluka ambirimbiri, ndikwere ya kuti?

Achimwene a ku Ryazan: kkkk osakwera kaye chemwali. Afunseni oblast (chigawo) ndi raion (boma), apo ayi akupatseni indeksi ya positi, manambala 6 aja. Pokrovskoye ndi dzina la tchalitchi, midzi yambiri yomwe tchalitchi chake chinali cha Pokrov, chikondwelero cha pa 14 October chija, inkangotchedwa choncho, nchifukwa chake ali mbwee dziko lonse. Chimodzimodzi Troitskoye wa Utatu Woyera ndi Nikolskoye wa Nikola woyera

Malume a ku Kaluga: Zoona. Muonenso kachilembo kali kutsogolo kwa dzinalo, ka "s." ndi selo, ka "d." ndi derevnya. Kale isanafike 1917 selo ndi mudzi okhala ndi tchalitchi, derevnya opanda, nde mpaka pano selo nthawi zambiri ndi okulirapo, sitolo mumaipeza

Mlongo wa ku Tula: nanga awa othera -ovo ndi -ino wa?

Achimwene a ku Ryazan: amenewo ndi a mwini malo, Petrovo kwa Petro, Maryino kwa Marya, ngati mmene timanenera kwathu kuti kwa Chimutu basi. Ivanovka ndi Aleksandrovka nde musayerekeze kumuuza dalaivala dzina lokhalo, aliponso osawerengeka

Wa ku Krasnodar: kuno kumwera simumva derevnya kwenikweni, ndi stanitsa, midzi ya ma Cossack, ankhondo akale okwera pa akavalo aja, tating'ono tapatali amati khutor, kumeneko minibasi, ija amati marshrutka, mwina m'mawa ndi madzulo basi, mukaiphonya mwagona komweko

Malume a ku Kaluga: chinanso chopusitsa ndi mawu oyamba aja. Bolshoye wamkulu Maloye wamng'ono, Verkhneye kumtunda kwa mtsinje Nizhneye kumunsi, dzina limodzi koma midzi iwiri ndipo pakati pake pamatha kukhala kamtunda ndithu, mu chisanu chino ndi chikwama kumsana simungakonde. A Oktyabrsky ndi Pervomaysky ndi a nthawi ya Soviet, nawonso raion iliyonse ngati ili ndi wake

Mlongo wa ku Tula: malume, bwana ayankha, akuti raion adzandiuza pokwera, andipeza pa siteshoni

Achimwene a ku Ryazan: ayi auzeni aponye pini ya pa mapu lero lomwe, muisunge ndi sikirinishoti, netiweki kumidziko imavuta. Pasipoti ndi pepala la registratsiya, losonyeza komwe munalembetsa kuti mumakhala, zikhale mthumba lamkati