Fayilo yasowa pa shared drive ya ku ofesi, ingabwerenso?

Nangondo_Salima
Abale ndithandizeni chonde. Ku ofesi kwathu kuno pa boma tili ndi drive imodzi yomwe tonse timasungapo zinthu, pa kompyuta imaoneka ngati Z. Lero m'mawa ndapeza kuti Excel yomwe timalembamo ngongole za feteleza za alimi a mpunga a ku Lifuwu kulibe, foda ilipo koma iyo yokhayo yasowa, ndafunsa anzanga aliyense akuti sanaikhudze. Mu Recycle Bin ya makompyuta onse mulibe kanthu. Wa IT wathu amakhala ku Lilongwe foni sakuyankha, ndiye Lachisanu alimi akubwera kudzamva zomwe atsala nazo. Nditani?

Chipoka_Tech
Pepani achemwali, mu Recycle Bin musavutike, chinthu chikafufutidwa pa network drive sichigwera mu bin ya kompyuta yanu ayi, Windows imangochichotseratu. Pangani right click pa foda yomwe munali fayiloyo, pitani pa Properties kenako Previous Versions. Ngati pa seva (kompyuta yomwe imasunga drive yanuyo) anayatsa Shadow Copies, yomwe imajambula makope a mafoda payokha, muona mndandanda wa madeti, ikakhala kuti sanasinthe kalikonse imajambula 7 koloko m'mawa ndi 12 koloko masana Lolemba mpaka Lachisanu. Sankhani tsiku lomwe mukudziwa kuti fayilo inalipo, dinani Open, foda itseguka momwe inalili tsiku limenelo, ndiye kopelani fayilo yanuyo muike pa desktop kaye. Koma chonde chonde Restore musaigunde, imabweza foda yonse m'mbuyo ndipo zomwe anzanu asintha m'mafayilo ena dzulo ndi lero zimapita nazo limodzi.

Bambo_a_Tadala_Dwangwa
Zoona zimenezo. Kungowonjezera, maofesi ambiri ang'onoang'ono alibe seva yeniyeni, amakhala ndi kabokosi kosungiramo mafayilo kotchedwa NAS kali pakona pafupi ndi rauta. Ngati ndi ka Synology yang'anani foda yolembedwa #recycle, ka QNAP ndi @Recycle, zofufutidwa zimagwera mmenemo bola ngati anaiyatsa, nthawi zina amaiona ndi admin yekha. Ndipo wina asakunamizeni kuti muike Recuva, pulogalamu yobweza mafayilo ofufutidwa, pa laputopu yanu, imene ija imafuna disk yomwe yalumikizidwa pa makina omwewo, kudzera pa network siithandiza.

Nangondo_Salima
Eee Mulungu akudalitseni, yapezeka!! Ndatenga ya Lachiwiri 12 koloko, zasowa ndi zomwe tinalemba Lachiwiri madzulo basi koma zimenezo zili m'buku la malisiti ndilowetsanso. Chomwe chikundidabwitsa masiku ena pa mndandandapo palibe ya 7 koloko, kwina tsiku lonse ladumphidwa, ndiye kuti china chake chawonongeka?

Chipoka_Tech
Mwina ayi. Imajambula pokhapokha seva ili yoyaka nthawi imeneyo, ndiye ngati magetsi anazima kapena womaliza kuweruka amathimitsa zonse mpaka mawa 8 koloko, ya m'mawayo siikhalapo. Muwauze a IT asunthe nthawi ikhale yomwe muli mu ofesi, awonjezerenso ina cha m'ma 4 madzulo, ikanakhalapo bwenzi lero simukubwerezanso za m'malisitizo. Dziwaninso kuti sizikhala mpaka kale, imasunga makope 64 basi ndipo malo akachepa zakale zimayamba kuchoka zokha, mukanazindikira patapita miyezi iwiri bwenzi tikukamba zina. Chimene chimandidetsa nkhawa ine ndi chakuti makope onsewa nthawi zambiri amakhala pa disk yomweyo, ikapsa ndi mphenzi za dzinja lino kapena akuba akanyamula bokosilo zonse zapitira limodzi, ngongole za alimi onse aja. Gulani external hard drive, Lachisanu lililonse muzikopera foda yonse, ndipo izigona kwina osati mu ofesi momwemo.

Nangondo_Salima
Ndamva achimwene, ndiwauza abwana mawa pa miting'i ya m'mawa. Ya 1TB ingakwane? Foda yonse ndi 40GB.

Bambo_a_Tadala_Dwangwa
Ikwana mayi, mpaka kutsala. Muzingolemba deti pa dzina la foda iliyonse mukamakopera, osamafufuta ya sabata yatha.