Aphunzitsi anzanga, ndi mabuku ati a nthumanzi oyenera ana a Fomu 2 kuno ku Chigwa cha Shire?

Moni nonse pagulu pano. Ndimaphunzitsa Chingerezi pa CDSS ina kuno ku Nsanje, chakufupi ndi Bangula, ndipo pali nkhani yomwe yandisowetsa tulo.

Chiyambireni teremu ino ndakhala ndikupatula mphindi 15 zomaliza za piriyodi ya Lachisanu kuti ndiwawerengere ana mokweza buku lina lomwe ndinagula ku Limbe, kwa aja amayala mabuku akale pansi. Chikuto chake chinathothoka kale. Ndi nkhani ya mnyamata amene anaona zosayenera kuona usiku, ndiye anthu akumusaka. Kutentha kwa kuno mu Okutobala mukukudziwa: malata akuthetheka, ana akusinza, thukuta lili kamukamu. Koma ndikangotsegula bukulo, kalasi ya ana oposa 60 imangoti zii. Ndimalekezera dala pomwe wina wagogoda pachitseko. Tsiku lina belu linalira koma palibe anadzuka. Mtsikana wina amene sanakwezepo dzanja chilowereni Fomu 1 anaimirira n'kuwatsutsa anyamata kuti wakuba wa m'nkhaniyo si mlonda ayi, ndi amalume ake a mnyamata wosakidwayo. Anapereka zifukwa zitatu, ziwiri m'Chisena, chimodzi m'Chingerezi chothyokathyoka. Sindinamudule. Ine ndimayesa kuti mwanayu samva kanthu, osadziwa kuti ankatola mawu aliwonse.

Vuto linabwera sabata yatha. Tinafika pa mutu womwe galimoto ikugwera mumtsinje usiku, madzi akulowa, munthu akulimbana ndi chitseko. Mnyamata wina wa kumbuyo anatuluka mwakachetechete. Ndinakamupeza atakhala pansi pa mtengo wa masawu, maso ali gwa. Ndinamva kwa anzake kuti anataya mng'ono wake pa madzi a namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Mutuwo ndinali nditauwerenga kale kunyumba, koma za ana amene anagonapo m'makalasi omwewa atathawa madzi sizinandibwerere m'mutu. Zikundiwawa mpaka pano.

Komanso kholo lina la mu PTA landifunsa kuti bwanji ndikuwerengera ana nkhani zakupha. Sindikuwaimba mlandu bambowo. Mphekesera za anamapopa za 2017 zinafika mpaka kuno, ndipo anthu akamva zoti kusukulu kukukambidwa za magazi ndi anthu oyenda usiku, mtima umakhala m'mwamba.

Ndiye thandizeni. Kodi alipo mabuku okoka mtima chonchi, a Chingerezi chosavuta kapena a Chichewa, omwe mulibe magazi ambiri ndi zaufiti? Amapezeka kuti, poti layibulale yathu ndi kabati imodzi? Nanga nkhani za madzi ndizizilambalala, kapena pali njira yozifikira bwino?

Mphunzitsi wopuma wa ku Ngabu: Mayi, musasiye. Ife m'zaka za m'ma 1980 tinaphunzira Chingerezi ndi timabuku ta Pacesetters ta Macmillan, tinkabwerekana mpaka masamba kuda bii. Ndi tating'ono, olemba ake ndi a mu Africa momwemuno, ndipo nkhani zake ndi zaumbava, apolisi ndi katangale m'matauni onga athu. Koma yambani mwawerenga nokha lonse, chifukwa mwina muli zachikondi ndi mfuti zosayenera Fomu 2. Mukakwera ku Blantyre, kalowereni ku nthambi ya National Library Service mukafunse, ndipo mutenge kalata ya ahedi.

Kholo la ku Nchalo: Pepani aphunzitsi, ine ndikuona mwina. Anawa akulemba JCE chaka chino. A MANEB sadzafunsa za buku lopanda chikutolo. Bwanji osalimbikira mabuku a pasilabasi?

Mphunzitsi wa Chichewa wa ku Makhanga: Bambo a ku Nchalo, zomwe anachita mtsikana uja, kunena amene walakwa n'kupereka umboni wochokera m'nkhani, ndi zomwe mayeso amafuna. Mwana amene wazolowera kusaka wakuba m'buku savutika mukamufunsa za mpangankhani wamkulu kapena pampondachimera, pomwe nkhani imafika pachimake. Koma achemwali, pa za madzi ndiyankhe ngati munthu wa kuno. Ife tinaona madzi a 2015, a Idai mu 2019, a Ana mu 2022, kenako Freddy. M'kalasi mwanga mulibe mwana amene alibe nkhani yake ya Ruo kapena Shire. Kulambalala sikutheka, chomwe chimapweteka ndi kuwadzidzimutsa. Ine ndimanena Lachinayi kuti mawa muli za mtsinje, amene sakufuna akhale pafupi ndi khomo, atuluke osapempha. Ambiri amakhala. Chinanso, apatseni makope alembe zawo. Anga analemba za ng'ombe zosowa m'khola usiku, mapazi ake n'kuthera pagombe, wina za bwato lomwe linapezeka lokha ku Elephant Marsh muli nsapato imodzi. Ndimawauza kuti nthumanzi ili pa kubisa, owerenga adziwe pang'ono kuposa momwe akufunira. Magazi safunika n'komwe. Zolemba zimenezo mungathenso kuwawerengera makolo pamsonkhano wa PTA, amve okha.

Mwini funso: Takhuta kwambiri nonse. Bambo a ku Nchalo, silabasi sindikuitaya, ndi mphindi 15 chabe pasabata. Mnyamata uja anabwera dzulo pa nthawi ya buleki kudzafunsa ngati munthu wa m'galimoto uja anapulumuka. Ndinamuuza kuti inde. Anapempha kuti akawerenge mutuwo yekha kunyumba, ndipo buku ndi limodzi lomweli. Achemwali a ku Makhanga, ndimupatse apite nalo, kapena tikhale pansi tiwerengere limodzi?