Za regulator yopumira pansi pa madzi ija inkatulutsa mpweya yokha

Anzanga, ndabweranso pa funso langa lija. Second stage yanga (mbali ya regulator yomwe timapumira pakamwa) inkangotulutsa mpweya pang'onopang'ono ndisanaiyike n'komwe pakamwa, ndipo ndinafunsa ngati ndingogula ina. Ambiri munati ndiyambe ndapita nayo kwa katswiri. Munanena zoona.

Vuto silinali pa second stage ayi. Katswiriyo atalumikiza geji yoyeza mphamvu ya mpweya pa paipi ya BCD (jekete lomwe timalipopa mpweya kuti tiziyandama), singano inaima pa 10 bar, kenako n'kumakwera yokha. Kampando kotseka mpweya m'kati mwa first stage (mbali ya regulator yomangidwa pa silinda, yochepetsa mphamvu ya mpweya) kanali katadyeka, ndiye mpweya wopyola muyeso unkathawira kukamwa. Anasintha kampandoko ndi ma O-ring onse (timphira tozungulira toletsa mpweya kudontha), n'kuchotsa mchere womwe unaumira m'kati. Pano ikukoka mpweya mofewa kwambiri.

Anatsindika kuti poviika regulator m'madzi opanda mchere, chivundikiro cha first stage chikhale chouma ndi chotsekedwa bwino. Batani la purge (lotulutsira madzi mu second stage) musalidine regulator isanalumikizidwe ku silinda yotsegula, madzi angalowe m'paipi.

Kwa amene munafunsa za DIN (kalumikizidwe komwe first stage imalowa m'vavu ya silinda ngati sikuluwu): ine ndasinthira komweko, chifukwa O-ring yake imatsekeredwa m'kati, ndipo ya 300 bar ilipo, pomwe yoke (yopana vavu kunja) imalekezera pa 232 bar. Pa masilinda obwereka ndiziyenda ndi adaputa yolumikizira DIN ku vavu ya yoke.