Kodi magetsi amaletsa bwanji kunjenjemera kwa manja?

NaPhiri: Bambo anga akhala ndi matenda a Parkinson kwa zaka 4. Akakhala pakhonde manja ali pamiyendo, dzanja lamanja limanjenjemera ngati akuwerenga ndalama, ndipo kumanga mabatani a malaya kumawatengera nthawi yaitali. Ndinaona kanema pa YouTube wa munthu amene dzanja lake linangoti zii dokotala atayatsa kachipangizo kamene anamuika pachifuwa. Kodi zimenezi zimatheka bwanji, ndipo n'zofanana ndi zimene amaika m'khutu la anthu osamva?

Mphunzitsi wa sayansi: Mayi, vutoli limayambira mkati mwa ubongo, pamene maselo opanga dopamine, mankhwala achilengedwe othandiza ubongo kuyendetsa thupi, amafa pang'onopang'ono, moti zigawo zoyendetsa minofu zimayamba kutumiza uthenga wosokonekera. Mu 1987, ku Grenoble m'dziko la France, dokotala wa opaleshoni Alim-Louis Benabid anaona kuti akagunditsa magetsi mofulumira kwambiri pamalo ena a mu ubongo otchedwa thalamus, wodwala ali maso, kunjenjemerako kunkasiya nthawi yomweyo, ndipo akazimitsa kunkayambiranso. Masiku ano amalowetsa waya woonda mpaka pakati pa ubongo, batire n'kuliika pansi pa khungu la pachifuwa, ndipo magetsiwo amagunda pafupifupi ka 130 pa sekondi. Chonde dziwani kuti njirayi sichiza matendawa, chifukwa maselowo amapitirizabe kufa, komanso imathandiza makamaka odwala amene mankhwala a Parkinson otchedwa levodopa amagwirabe ntchito m'thupi mwawo.

Bambo Mbewe: Ndiyankheko za khutu, popeza mdzukulu wanga wa ku Johannesburg ali nacho chipangizocho. Ntchito yake ndi yosiyana. Cha mu ubongo chimatontholetsa uthenga wolakwika, pamene cha m'khutu chimapereka uthenga umene ukusowa. Mkatikati mwa khutu muli kachiwalo kopindika ngati chigoba cha nkhono, ndipo maselo ake akawonongeka, waya amalowetsedwa mmenemo kuti azigunda mtsempha wakumva mwachindunji. Dokotala Graeme Clark wa ku Melbourne m'dziko la Australia anaika chipangizo chotere mwa wodwala wake woyamba mu 1978. Tsiku limene madokotala anayatsa chipangizo chake, mdzukulu wangayo analira ndi mantha n'kubisa nkhope pachifuwa cha mayi ake, ndipo panapita miyezi yambiri ya maphunziro kuti ayambe kutembenuka akamva dzina lake.

NaJere: Pali chinanso chimene sichifuna opaleshoni. Zigawo za ubongo zomvera ndi zoyendetsa thupi n'zolumikizana kwambiri, n'chifukwa chake odwala Parkinson ambiri amayenda bwinoko akamatsatira kugunda kwa nyimbo. Malemu amayi anga ankauma miyendo akafika pakhomo, ngati yamatirira pansi, koma tikawomba m'manja n'kumawerenga, ankadutsa.

NaPhiri: Zikomo nonse. Zouma miyendo pakhomozo bambo anga zayamba kuwachitikira chaka chino, ndipo mawa m'mawa ndiyesa kuwaimbira nyimbo yawo ya kutchalitchi akamatuluka m'chipinda. A NaJere, kodi munkawomba mofulumira bwanji?